Ndikasiya Kaliyala Ndidzakuuza

Bangwe, Lamulungu masana

Mwana wanga Tiyamike,

Ndakhala pamakina anga osokera monga mwa masiku onse, koma lero singano ikupuma, ndagwira cholembera. Iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, ndipo sutikesi yako ili pakama, yotsegula, m'kati mulibe ngakhale mpango. Mawa masana uyenera kukhala uli m'minibasi ya ku Phalombe kuti Lachiwiri ukaonekere kuntchito. Munthu amene akupitadi sasiya sutikesi chonchija. Ndinakubala ndine, usandiyese mlendo.

Chomwe chakumanga miyendo ndikuchidziwa. Ku intaviyu anakufunsa ngati umatha kupalasa njinga, iwe nkuyankha kuti eya, poopa kuti ntchito ingakupulumuke. Tsopano kalata yabwera yonena kuti mlangizi wa zaumoyo aliyense akapatsidwa njinga, popeza midzi yoti aziyendera ili kutali. Ndinakumva Lachitatu ukuuza mnzako pafoni kuseri kwa bafa kuti, "Ndikangofika adziwa kuti ndinanama, bola ndisapite." Sindimakutchera khutu dala ayi, nyumba yathuyi ukuidziwa wekha, munthu akayetsemula kuchipinda wa kukhitchini amayankha.

Lachinayi ndinakuuza kuti, "Tiya, tenga yangayi ndikuphunzitse." Unandiyang'ana, nkunena kuti, "Amayi, dzanja lanu ndimalidziwa." Unalowa kuchipinda nkutseka chitseko pang'onopang'ono. Bola ukanachimenyetsa. Mawu amenewo andidya masiku atatu, ndipo pakamwa ndalephera kuwayankha, nchifukwa chake ndikulemba. Nkhani ya dzanjayo ndifikapo, sindiithawa. Koma undilole ndiyambe ndakuuza zopusa zimene mayi ako anachita iwe uli kusukulu ku Lilongwe. Pobwera unangondipeza ndikutchova njinga ngati ndinabadwira pomwepo, sunaone mabondo anga mmene analili.

Zinayamba ndi miyendo. Zaka ziwiri zapitazo inkatupa mpaka nsapato kukana, ndipo kuchipatala anandipeza ndi shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Adokotala anandifunsa ntchito yanga, ndinati ndine telala pamsika wa Limbe. "Ndiye kuti mumatandala mutakhala pansi?" Ndinati, "Iyayi, miyendo imagwira ntchito tsiku lonse, imapondera makina." Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kupondera makina si kuyenda, ndisankhe pakati pa kuyenda wapansi ndi njinga, apo ayi mapiritsi adzangochulukirachulukira. Kuyenda wapansi kuchoka kuno kukafika ku Limbe ndiye kuti makasitomala a m'mawa onse atengedwa ndi anzanga. Ndinasankha njinga, ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, ndisanakhalepo pachishalo chibadwire.

Kupusa kwanga koyamba kunali bodza, lofanana ndi lakoli. Ndinapita kwa a Jafali, aja amakonza njinga patsinde pa mango pafupi ndi siteji, ndipo anandionetsa yakaunjika yabwino, yobiriwira, yopanda mtanda wapakati. Pamenepo panali azibambo atatu akusewera bawo, ndipo ndinachita manyazi. Ndinati, "Ndikugulira achimwene anga a ku Thyolo." A Jafali anafunsa, "Ndi aatali bwanji?" Amalume ako ukuwadziwa, amachita kuwerama polowa pakhomo. Ndinati, "Ndi aatali ndithu." Basi munthu uja anakweza chishalo mpaka kumapeto, nkuchimanga ndi sipanala mwamphamvu zake zonse kuti achimwenewo asakavutike. Ndinathokoza, nkuikankha mpaka kunyumba ngati mbuzi yopita kumsika.

Milungu iwiri ndinkadzuka kusanache bwino, nkupita nayo pabwalo la sukulu anthu asanayambe kudutsa. Ndikakhala pachishalo mapazi ankalendewera m'malere. Ndinkatsamira khoma la kalasi, kudzikankha, kenako khuu pansi. Mabondo onse awiri anasupuka, chigongono chinatupa. Amayi a kutchalitchi atandifunsa ndinati ndinaterereka kubafa. Mlungu wachiwiri ndinatinso kubafa, mpaka wina anati, "Bafa limenelo muligwetse, lidzakuphani." Nditatopa ndinabwerera nayo kwa a Jafali. Anayang'ana belu lophwanyika, anayang'ana mahandulo okhota, kenako anayang'ana mmene ndinkatsimphinira. Anati, "Achimwene anuwo akugwa kwambiri, eti?" Ndinangoti, "Ndine." Anatsitsa chishalo mpaka mapazi anga onse awiri anaponda pansi bwinobwino, anachotsa mapedulo, nati ndiyambe ndazolowera kudzikankha ndi mapazi okha, mapedulo ndidzawatenge pakatha masiku atatu. Ntchito yonseyo sinathe ngakhale nthawi yowiritsa tiyi.

Ukumva, Tiya? Milungu iwiri ya mabala, chifukwa cha mawu amodzi amene ndinakana kunena. Safunsa anadya phula. Ukafika kumeneko, tsiku loyamba lomwelo, upite kwa akuluakulu a pantchito ukanene wekha kuti, "Ndinayankha kuti ndimatha chifukwa ndinkaifuna ntchitoyi, koma ndikuphunzira kumene, mundipatse mlungu umodzi." Mwina akakukalipira, ukawerame nkulandira. Munthu wodziulula yekha amamutsitsira chishalo, koma wogwidwa amamuseka chaka chathunthu. Usadikire kuti akugwire.

Kupusa kwachiwiri kunachokera pamakina anga omwewa. Zaka makumi atatu mapazi anga akhala akupondera limodzi, onse kutsogolo, onse kumbuyo. Nditabwezeretsa mapedulo, miyendo inkafuna kuchita zomwezo. Ndikaponda wakumanja, wakumanzere nawonso ukuponda, njinga nkungoima njii, ine nkupendekeka. Ndinachita kuilankhula miyendo yanga mokweza ngati ana awiri olimbirana mbale, "Iwe ponda, iwe dikira. Iwe ponda, iwe dikira." Mayi wina wopita kukatunga madzi anandimva, anaima, nkufunsa ngati ndili bwinobwino. Usachite manyazi kudzilankhula wekha, thupi la munthu wamkulu ndi losamva, limafuna kuliuza kambirimbiri.

Maso nawo anandipereka. Telala amayang'ana pasingano, ndipo ine ndinkayang'ana patayala lakutsogolo ngati ndikusoka mpendero. Pabwalo lija pali chitsa chimodzi chokha, cha bulugama, pakona. Bwalo lonse lija mbee, koma ine ndinkachigunda tsiku lililonse. Ndikachiona ndinkati mumtima, chitsa icho, ndichipewe, maso ali pomwepo, ndipo njinga inkapita molunjika kukachipsompsona. Ndinadzazindikira mochedwa kuti njinga imapita kumene maso ako ali. Ukaona dzenje usaliyang'anitsitse, yang'ana pamene ukufuna kudutsa. Panopa iwe maso ako ali pa anthu amene akakuseke, ndipo ukapitiriza choncho ukagwera pa iwo omwewo. Dzutsa mutu, mwana wanga, uyang'ane ntchito imene unaivutikira zaka zonsezi.

Nkhani ya chitenje ndikuuza ngakhale ikundichititsa manyazi. Tsiku loyamba kupita nayo kuntchito ndinavala chitenje changa chatsopano, chofika m'mapazi, kuti anthu aone kuti ngakhale ndili panjinga ndine mayi waulemu wake. Nditayandikira msika, pamene pamakhala maminibasi ambiri, nsonga ya chitenje inalowa m'tcheni. Ndinangomva chikundikoka m'chiuno, ndikapalasa chikumasuka, ndikapalasa chikumasuka. Mayo ine! Dzanja limodzi ndinagwira chitenje, lina mahandulo, mpaka ndinakatsamira pamulu wa matumba a makala. Kondakitala wina anakuwa, "Masiteni, filimu imeneyo ndi yaulere?" Mayi wogulitsa makala ndi amene anandiphimba ndi nsalu yake uku akumasula yangayo, itadzaza girizi. Madzulo ake ndinadzisokera thalauza, ine amene ndinkati mkazi wa msinkhu wanga savala zimenezo. Tsopano ndimavala thalauza m'kati, chitenje pamwamba nditachipinda kufika m'mabondo, ndikatsika ndimachitsitsa, ulemu uli pomwepo. Ndakusokera mathalauza awiri a nsalu yolimba, ali pansi pa kalatayi. Sindinakuyeze, miyezo yako ili m'mutu mwanga.

Tsopano imva chachikulu, chimene sindinauzepo munthu wa m'banja mwathu. Tsiku lija a Jafali akundibwezera mapedulo anati, "Mudzabwerenso Loweruka ndidzakuonetseni mabuleki." Kenako, uku akupukuta manja, anawonjezera motsitsa mawu kuti a bawo asamve, "Kodi si inu munathyolera mwana ndodo pamsana chifukwa cha njinga yanga?" Sananene mwachipongwe ayi, ankangokumbuka. Koma ine nkhope inatentha, ndipo Lowerukalo sindinapite. Mabuleki ndinayesa ndekha kamodzi, ndinafinya yakutsogolo mwamphamvu, nkuuluka kudutsa pamahandulo. Kuyambira pamenepo ndinkawaopa ngati njoka. Ndinati ndiziima ngati pamakina. Makina osokera ukasiya kupondera amaima okha, ndipo pabwalo lasukulu, poti mpathyathyathya, njinga nayo inkatero, ndikasiya kupalasa inkafooka, ine nkukhwekhwereza mapazi. Pamatsitso ndinkatsika nkuyenda wapansi. Miyezi iwiri ndinayenda choncho, ndikudzitcha wodziwa njinga.

Tsiku lina ndinachedwa, ndili ndi madiresi a ukwati oti atengedwe m'mawa womwewo. Nditafika pamwamba pa matsitso aja a kuseri kwa chigayo, ndinati aaa, lero sinditsika, ndakula nayo. Poyamba zinakoma, kamphepo kakundiomba kumaso. Nditakhota pakona ndinaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Maliro. Ukudziwa wekha mwambo wake, wa galimoto amachepetsa liwiro, wovala chipewa amavula, wa njinga amatsika nkuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa zimenezo. Azibambo anali atakhala m'mbali mwa msewu mbali zonse ziwiri, amayi akuimba m'nyumba. Ndinasiya kupalasa kuti iime. Njinga ija ndiye inawonjezera, liwiro la mtondo wadooka.

Tiya, ndinadumpha masamba aja ngati wakuba. Mapazi ndinawatambasula uku ndi uku, chala chili pabelu, ngiringiri ngiringiri, pamaliro! Pakamwa ndikukuwa, "Pepani! Pepani anamfedwa! Pepani!" Mkulu wina amene ankawoloka ndi benchi anaitaya nkudumphira m'ngalande. Nyimbo inaduka. Ine ndinakathera pamulu wa mchenga kutsogolo kwa nyumba yoyandikana nayo, mutu pansi, madiresi a ukwati ali mbwee pamsewu. Achinyamata anafika nthawi yomweyo atakwiya, ndipo sindiwadzudzula. Wina anagwira njinga nati, "Iyi sichoka pano. Mayi wamkulu ngati inu, mwano umenewu?" Ndinayang'ana nkhope zija, ena ndimawasokera, ena timapemphera limodzi. Ndinalakalaka mchenga uja utandikwirira.

Ndinapempha kuti andilowetse m'siwa ndikapepese ndekha kwa mwini maliro. Ndinalowa chokwawa, mchenga uli m'tsitsi, bondo la thalauza litang'ambika. Namfedwa anali mayi Makwinja, amene anali atataya amuna awo usiku wa dzulo lake. Sindinkawadziwa. Anali atakhala pamphasa atafunda chitenje kumutu, maso otupa. Anandifunsa ndi mawu osasa, "Mayi, tinakulakwirani chiyani?" Ndinati, "Palibe. Kuyenda ndimatha, koma kuima sindidziwa." Anafunsanso, "Mwakhala mukuima bwanji masiku onsewa?" Ndinati, "Ndimadikira itope." Mayi aja anakokera chitenje kumaso, mapewa nkuyamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndawaliritsa, nanenso ndinayamba kulira. Koma ankaseka, Tiya, misozi ili chuchuchu, akuluma nsalu kuti a panja asamve. Atapuma anati, "Kwathu ku Phalombe mwana amayamba wadziwa buleki asanadziwe pedulo. Apatseni njinga yawo. Inu, tikachotsa zovutazi mudzabwere, musadzaphe anthu."

Madiresi ndinakapereka wapansi, ndipo masana ndinabwerera kukakhala nawo pamalirowo mpaka kumanda. Choncho malangizo anga ndi awa, ndipo ukaiwala ena onse awa okha usaiwale. Yamba waphunzira kuima. Usatuluke nayo pamsewu usanadziwe kuima pamene wafuna, osati pamene njinga yafuna. Kumene ukupitako masamba pamsewu ukawapeza kawirikawiri, ndipo iwe ukakhala mlendo wovala yunifolomu, aliyense akakhala akukuyang'ana. Utsike usanafike pamasambapo, upereke ulemu, ukankhe. Anthu akakhululukira mlendo wogwa panjinga, koma wodutsa pamaliro ali pachishalo sakamulandira m'nyumba zawo, ngakhale atanyamula mankhwala abwino chotani.

Patatha mwezi ndi theka ndinapitadi kwa mayi Makwinja. Ananditengera pamatsitso omwe aja. Ndi mayi wochepa thupi, koma manja ake ndi a munthu amene wakula akunyamula matumba a nandolo panjinga. Anandionetsa kuti buleki yakumbuyo ndiyo iyambe, yakutsogolo ibwere pambuyo, ndipo zonse uzifinya pang'onopang'ono ngati ukufinya ndimu, osati ngati ukupha nsabwe. Kenako anagwira kaliyala, paja timamangapo katundu kumbuyo, nati, "Tiyeni, ine ndili pano." Ndinakana. Ndinati, "Ndimakudziwani anthu ophunzitsa njinga, mumati ndagwira ndagwira pamene munasiya kalekale." Iwo anati, "Bambo anga anandichita zimenezo. Nditacheuka nkuwaona ali kutali, ndinagwa, dzino ili linathyoka tsiku limenelo. Ine sindinamiza munthu amene wandipatsa msana. Ndikasiya ndikuuzani."

Tinatsika kasanu iwo atagwira, akuthamanga pambuyo panga, mayi woferedwa kumene, akupuma mwawefuwefu. Kachisanu ndi chimodzi, tili pakati pa matsitso, ndinamva, "Ndasiya!" Sindinacheuke, chifukwa panalibe choti ndikafufuze, anali atandiuza. Ndinafinya yakumbuyo, kenako yakutsogolo, nkuima pamalo enieni pamene panali masamba aja. Ndinatsitsa phazi pansi ngati munthu. Tonse awiri tinakhala pamwala nkulira, aliyense zake. Lero mayi amenewo ndi mnzanga wa pamtima, Loweruka lililonse timapalasa limodzi kukagula masamba kumunsi kwa phiri. Kumene ukupitako amayi otere ndi ambirimbiri, amapalasa mwana ali kumsana, nkhuni zili kumbuyo. Akakuseka tsiku loyamba, inde, usadzinamize. Useke nawo, kenako usankhe amene waseka kwambiri umuuze kuti akuphunzitse.

Kupusa kwina kunabwera nditayamba kudziwa, ndipo kumeneku ndi koopsa kuposa kwa wosadziwa. Pachitunda chachikulu chija pobwera kuno, wakabaza wina anandipitirira atanyamula munthu, nati, "Agogo, tsikani mukankhe." Agogo ndani? Ndinaimirira pamapedulo kuti ndimuonetse. M'mimba munalibe kanthu chichokereni m'mawa, ndipo shuga sachita naye masewera. Ndisanafike pamwamba maso anachita mdima, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, thukuta lili kamukamu, mpaka mayi wogulitsa nthochi anandipatsa ziwiri. Wakabaza uja sanaone nkomwe, anali atapita kalekale. Chitunda chikakukulira tsika ukankhe, palibe amene amalemba maina a okankha. Usanyamuke ndi njala, botolo la madzi lisachoke m'chikwama, ndipo dzuwa la ku Phalombe usaliyese la kuno ku Bangwe. Uziyenda kumanzere kwenikweni, ndipo galimoto yaikulu ikalira kumbuyo uzipatuka, usalimbane nayo ngakhale uli pachilungamo. Matayala uziwatsina m'mawa uliwonse, ndipo pampu usabwereketse, sibwerera.

Usaganize kuti zonse ndi mabala. Sindinakuuzepo mmene zimakomera. M'mawa ndikamatsetsereka kupita ku Limbe, anzanga ataima pasiteji akulimbirana minibasi, ine ndimadutsa ndikuimba. Miyendo inaphwa, nsapato zanga zakale zija ndikuvalanso, masiketi onse ndinawabweza m'chiuno. Amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma wangawu unachepa ndi njinga, ndipo ndikunyadira. Chiyambire kukhala wamasiye sindinakhalepo ndi chinthu chimene ndimachita chifukwa choti chikundisangalatsa ine. Nthawi zambiri ndikamamva kamphepo kaja, chimwemwe chimasanduka chisoni, chifukwa ndimakumbuka kuti kamphepo kameneka unakapeza uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine nkukulanda.

Ndafika pa dzanja lija. Linali tsiku Lachisanu, chaka chimodzi bambo ako atatisiya. Ndikuchokera kumsika, ndinaima pampopi, ndipo amayi atatu amene ankatunga madzi anasiya kulankhula atandiona. Mmodzi anati, "Mwana wanu wamkazi uja ali pa njinga ya a Jafali, miyendo ili tang'a, anyamata akumuombera m'manja. Paja nyumba yopanda bambo imaoneka." Ndinakupeza kumsewu, mwendo utaulowetsa pansi pa mtanda poti njingayo inali yaikulu, ukuseka, mano onse ali pamtunda. Unandiona nkukuwa, "Amayi, taonani, ndatsala pang'ono!" Ndinakukoka pamenepo, ndinakulowetsa m'nyumba, nkutenga ndodo yanga yoyezera nsalu. Inathyoka pamsana pako. Kenako ndinakuuza kuti mtsikana wokwera njinga amawonongeka m'mimba, sadzabereka, ndipo palibe mwamuna angamufune.

Linali bodza, Tiyamike, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza pamene ndinkalinena. Ndinali nditaona amayi a ku Mulanje akubwera kumsika panjinga ali ndi ana asanu ndi awiri kunyumba. Sindinakumenye pofuna kukuteteza ayi. Ndinakumenya kuti amayi a pampopi aja amve kulira kwako, adziwe kuti m'nyumba muno muli mwambo ngakhale mulibe mwamuna. Ndinagula ulemu wanga ndi msana wako. Amayi amenewo awiri anasamuka kalekale, wachitatu sindikumbukanso ndi dzina lomwe, koma iwe mpaka lero ukaona njinga umapatuka ngati waona galu wolusa. Bodza limene unanena ku intaviyu ndi mwana wa bodza langa. Ndinalakwa, mwana wanga. Pepa. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuzengereza mawu amenewa, ndimati ukakula udzaiwala, ndipo Lachinayi unandionetsa kuti sunaiwale.

Sindikukukakamiza kuti undikhululukire pofika mawa, zimenezo zili ndi nthawi yake, ndipo mwini nthawiyo ndiwe. Chimene ndikukana ndi chakuti ndodo ija ikumenye kachiwiri. Inakulanda njinga uli mwana, isakulandenso ntchito uli wamkulu. Ukakhala pano chifukwa cha mantha amene ndinakupatsa ine, ndiye kuti amayi a pampopi aja apambana mpaka lero. Ine ndimafuna utakhala pafupi nane, usaganize kuti ndikukuthamangitsa. Nyumba ino idzandikulira, ndipo sindikudziwa kuti madzulo ndizidzakangana ndi ndani za mchere wa m'ndiwo. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Longedza sutikesiyo.

Dzulo ndinapita kwa a Jafali ndi njinga yanga ija komanso tepi yanga. Ndinawauza kutalika kwa mwendo wako, kuchokera m'chiuno kufika pansi, ndipo atsitsa chishalo kuti mapazi ako onse awiri aziponda bwinobwino. Mapedulo achotsa, ali m'thumba langa limodzi ndi sipanala. Anandifunsa kuti, "Achimwene a ku Thyolo aja afupika?" Ndinati, "Ndi ya mwana uja." Anangopopa matayala onse awiri, nkuika belu latsopano.

Mawa kukangoyera ndidzakhala pabwalo la sukulu, pafupi ndi chitsa chija. Tili ndi maola awiri ana asanayambe kufika, kenako tidzasamukira kumatsitso a kuseri kwa chigayo, minibasi za ku Phalombe zilipo mpaka masana. Sindikunena kuti udzanyamuka uli katswiri, limenelo lingakhale bodza lina. Koma udzanyamuka ukudziwa kukhala pachishalo osagwa, ndiponso ukudziwa kuima, ndipo zimenezi ine zinanditengera miyezi inayi ndi maliro amodzi. Udzagwa kawiri kapena katatu. Ndanyamula mankhwala a mabala, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzaseka kwambiri.

Ukapanda kubwera ndidzadikira mpaka belu la sukulu lilire, kenako ndidzabwera kunyumba kudzakuphikira tiyi, ndipo sindidzakufunsa kanthu. Koma ukabwera, uvale thalauza lakudalo, ndipo usavutike ndi kundipatsa moni wautali kapena kuyankha kalatayi. Udzangokhala pachishalo nkundipatsa msana. Ndikudziwa chimene ndikupempha, ndi msana womwe uja. Dzanja langa unati umalidziwa, ndipo sunaname, koma umalidziwa litagwira ndodo. Mawa lidzagwira kaliyala, ndipo ndidzathamanga pambuyo pako ndi miyendo yanga ya telalayi mpaka utandiuza kuti wakonzeka. Usadzacheuke kuti uone ngati ndilipo. Ndikasiya ndidzakuuza.

Ndine mayi ako, amene anaphunzira mochedwa,

Esinati